Malangizo Opimira AST m'Magazi: Kwa Anzathu a m'Malabu a ku Chipata ndi Katete

Mankhwala omwe ndikufotokoza pano ndi a m'bokosi la zopimira kuchuluka kwa enzayimu ya aspartate aminotransferase, mwachidule AST, yomwe mabuku akale amaitcha GOT. Mankhwalawa ndi ogwiritsa ntchito mu labu basi.

Tiyambe ndi zomwe mukupimazo, poti pepala la m'bokosi limangozidumpha. Enzayimu ndi puloteni yomwe imafulumizitsa ntchito ya m'selo, iyo osatha nawo. AST imachotsa kachigawo ka amino pa aspartate n'kukapereka kwa alpha-ketoglutarate, ndipo pamatuluka oxaloacetate ndi glutamate. Popanda pyridoxal phosphate, wochokera ku vitamini B6, singagwire ntchito. Mu mnofu wa mtima ilimo ya mitundu iwiri, ina m'madzi a selo, ina mu mitochondria (tizigawo ta selo topanga mphamvu), ndipo ziwirizi zimalandizana kuti mphamvu yochokera ku shuga ikafike komwe ATP, wonyamula mphamvu m'selo, amapangidwa. Mtsempha wa mtima ukatsekeka, maselo amafa ndipo AST imatayikira m'magazi. LaDue, Wroblewski ndi Karmen ndi amene anaonetsa zimenezi ku New York mu 1954. Imayamba kukwera pakadutsa maola 6 mpaka 12, imafika pachimake patatha pafupifupi tsiku limodzi, ndipo sabata isanathe yatsika.

Kasungidwe: mufiriji pa 2 mpaka 8°C, kobisika ku kuwala, osaumitsa. Kuno ku Nkhotakota, magetsi akazima m'mwezi wa Okutobala, firiji imatentha msanga, ndipo inunso mukudziwa bwino kutentha kwa ku chigwa cha Luangwa. NADH wa m'botolo, chinthu chomwe makina amawerenga kuchepa kwake popima, sachedwa kuwonongeka. Musanayambe, pimani mankhwala okhaokha pa kuwala kwa 340 nm. Akawerenga pansi pa malire omwe wopanga walemba, tayani, ngakhale deti lake lisanakwane.

Kapimidwe: gwiritsani ntchito seramu (madzi otsala magazi akaundana) kapena plazima ya heparin (madzi a magazi othiridwa mankhwala oletsa kuundana). Sakanizani molingana ndi miyezo ya pa botolo, pa 37°C. Oxaloacetate wopangidwayo amasandutsidwa malate ndi enzayimu ina ya m'mankhwalamo, NADH n'kumachepa, ndipo makina amawerenga liwiro la kutsikako pa mphindi iliyonse. Zotsatira zimalembedwa mu U/L (mayunitsi pa lita). Zikapitirira malire a makina, sungunulani gawo limodzi la seramu m'magawo 9 a madzi a mchere a 0.9%, pimaninso, kenaka chulukitsani ka 10.

Seramu ikaoneka yofiirira, musaipime. Maselo ofiira ali ndi AST yambiri, ndipo akasweka potenga magazi ndi singano yaing'ono kapena pokhutchumula chubu, nambala imakwera mwabodza. Katengeni ena.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri, anzanga, n'chakuti musalembe kuti mtima wawonongeka chifukwa cha AST yokha. Ilinso m'chiwindi, mu impso ndi m'minofu ya thupi lonse. Msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse pa nyanja akhoza kukhala nayo yokwera. Chimodzimodzinso wodwala malungo aakulu, wamowa, kapena wobayidwa jakisoni wa m'mnofu. Pimaninso ALT, enzayimu yopezeka kwambiri m'chiwindi: ikakwera limodzi ndi AST, ganizirani za chiwindi. Masiku ano choyezera mtima chodalirika ndi troponin (puloteni ya mnofu wa mtima) pamodzi ndi ECG (kujambula magetsi a mtima). Ngati mulibe, munthu womva kupweteka pachifuwa asadikire zotsatira zanu. Adziwitseni adokotala nthawi yomweyo kuti atumizidwe komwe zidazo zilipo.

M'mankhwala ambiri otere muli sodium azide, yomwe ndi poizoni. Valani magolovesi, musayamwe pipeti ndi pakamwa, ndipo mukataya mu sinki thirani madzi ambiri, chifukwa ikaunjikana m'mapaipi a mkuwa kapena mtovu imatha kuphulika.