Musanaonetse filimu ya Aromani m'vidiyo yanu

Ine ndimaonetsa mafilimu pa Kamwendo kuno ku Mchinji, maiki ili m'manja, kumasulira m'Chichewa. Ndikuuzeni anzanga a ntchito yomweyi: filimu ya nthabwala yonena za Aromani okapempha malo kudziko la eni si ya karate ayi. Mukaithamangira, anthu aziseka ovutikawo m'malo moseka nawo limodzi.

Yambani mwaionera nokha kawiri, kope ndi bolopeni pambali. Lembani paliponse pali fomu, chidindo kapena mzere wa pa ofesi, poti nthabwala zambiri zagona pamenepo.

Ndiye dzina. Tsiku loyamba nditangoti Aromani, mnyamata wina pabenchi lakutsogolo anafunsa ngati ndi aja a m'buku la Aroma. Choncho musanayatse, tsitsani nyimbo muwauze anthu. Makolo a Aromani anachoka kumpoto kwa India zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo chilankhulo chawo n'chachibale ndi Chihindi. Lero ali ambiri ku Romania, Bulgaria, Hungary, Slovakia ndi Spain. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a Nazi a ku Germany anawapha miyandamiyanda, monga anachitira ndi Ayuda. Mu 1997 mabanja ochuluka a ku Czech Republic anakapempha malo ku Canada ndi ku Britain, atatopa ndi tsankho. Liwu loti Gypsy, limene ena amatchulira Aromani, likatuluka m'filimumo, musalinyamule. Ambiri mwa iwo amalimva ngati chipongwe.

Wopempha malo ndi munthu amene wanena kuti akuthawa nkhanza kwawo, koma boma la kumene wafikako silinamuyankhe. Ine ndimangotchula Dzaleka ya ku Dowa, imene yakhala ikusunga othawa kwawo kuyambira 1994, aliyense amagwedeza mutu.

Pomasulira, Aromaniwo musawapatse mawu opotoka, ndipo musawasandutse mtundu wina wa kwathu kuno kuti holo iphulike. Zimenezo zimandipweteka ndikazimva kwina. Chiseko chigwere wa pa desiki uja wofuna kalata yomwe munthu wothawa usiku sangakhale nayo. Iyeyo ndiye mukuzireni mawu.

Aromaniwo akayamba kuimba, chotsani maiki pakamwa. Ndinatero tsiku lina, mayi wina wachikulire wogulitsa mtedza pakhomo analowa n'kuima kumbuyo. Itatha anandikoka malaya: "Mwanawe, a ku Mozambique aja tinkadya nawo nsima, nawonso ankaimba chonchi usiku."