Foni ikafa musathamangire nayo kudzala

Mafoni ambiri omwe timati afa sanafe ayi, vuto limangokhala batire, sikirini kapena pobayira chaja basi. Ndiye musanakagule ina tengani kamtengo kotokosera m'mano muchotse fumbi pobayira chajapo mwapang'onopang'ono, osati singano chonde, kenako yesani chaja ndi kebulo ina. Zikakanika pitani nayo kwa anyamata okonza mafoni kumsika koma mugwirizane mtengo kaye asanaitsegule, simu ndi memori khadi zitsale m'thumba mwanu.

Komanso magetsi akathima zulani TV, dekoda ndi machaja, zinthu zambiri zimapsa nthawi yomwe akuyakanso ija.

Nkhani yaikulu ili pa mabatire. Batire ya foni ikatupa mpaka kumakankha chivundikiro siyani kuitchaja pompo, ndi ya lithium imeneyo ndipo mukaiboola kapena kuiponya pamoto imayaka moti kuzimitsa ndi ntchito. Matani tepi pa tizitsulo take muiike m'chitini cha mchenga pamthunzi pomwe ana safika, mpaka mutapeza okonza amene angailandire. M'chimbudzi ayi, kudzala komwe timaotcha zinyalala ndiye ayi ndithu. Batire ya sola kapena ya galimoto ili ndi asidi ndi mtovu, mtovuwo umaononga ubongo wa ana ndipo sizibwereranso, ndiye kaigulitseni yathunthu kwa ogula mabatire akale, osaiswa, osakhuthulira madzi akewo pansi makamaka ngati chitsime chili pafupi.

Ndiye pali kachizolowezi kootcha mawaya kuti kopa atsale, ine kamandinyansa. Utsi wakuda uja ndi poizoni ndipo amaupuma ndi khomo lonse, pomwe kusenda ndi mpeni kumangofuna kudekha basi. Mababu a energy saver opiringizika aja ali ndi poizoni wotchedwa mercury, nawonso osamaswa.

Lipoti la UN la 2024 lidati mu 2022 dziko lonse lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zinthu zamagetsi ndipo zomwe zidatoleredwa n'kukonzedwanso mwadongosolo ndi 22.3 peresenti yokha, ndiye musaganize kuti kuli wina akubwera kudzatola pakhomo panu. Foni yofereratu okonza amagula kuti achotseko sipeya. Ngati ikuyakabe tulukani kaye mu Google, WhatsApp ndi apu ya Airtel Money kapena Mpamba, mupange factory reset (kufufuta zonse za m'fonimo), kenako ndiye muzikambirana za mtengo.