Tambasulani kaye, malamulo a indices abwera okha

Ndimaphunzitsa masamu pasukulu ina yoyendera kufupi ndi Santhe kuno ku Kasungu, ndipo chaka ndi chaka ndimapeza ana akundilembera kuti 2³ ndi 6. Zimandiwawa, chifukwa mwana wotere mutu uli bwinobwino, kungoti sanamve ntchito ya kanambala kapamwambako. Kameneka, kotchedwa index, kamanena kuti nambala yapansiyo, base, ilembedwe kangati pochulukitsa. Choncho 2³ ndi 2 × 2 × 2, yankho lake 8.

Ine ndimalowa m'kalasi ndi mtedza m'thumba la jekete. Njere iliyonse imaimira base mmodzi. Pa 2³ × 2⁴ ndimaika njere zitatu mbali ino ya tebulo, zinayi mbali inayo, kenako n'kuzikankhira pamodzi. Werengani: zisanu ndi ziwiri, ndiye 2⁷. Onetsetsani, base akadali 2 yemweyo. Ambiri amachulukitsanso ma 2 aja n'kulemba 4⁷, malikisi n'kupita.

Pogawa timachotsera: 5⁶ ÷ 5² ndi 5⁴. Mukaona mabulaketi monga (3²)⁴, imeneyo ndi milu inayi ya njere ziwiriziwiri, zonse pamodzi 3⁸.

Pa ziro m'pamene ana amanditsutsa, ndipo ndimakondwa akatero. Tengani 7³ ÷ 7³. Chinthu mukachigawa ndi icho chomwe mumapeza 1, pomwe kuchotsera kuja kukutipatsa 7⁰. Ndiye kuti 7⁰ ndi 1, ndipo zili chomwecho ndi base aliyense kupatula ziro. Pitirirani njira yomweyi ndi 2² ÷ 2⁵. Lembani ma 2 awiri pamwamba pa mzere, asanu pansi, mufafanize awiriawiri. Pansi patsala atatu, pamwamba 1. Kuchotsera kuja, 2 − 5, kukutipatsa 2⁻³, ndiye 2⁻³ ndi 1/8. Kamzere kali pa index sikakutanthauza ngongole ayi, kakungoti nambalayo itsikire pansi pa mzere.

Nanga ma base akasiyana? Nali funso lomwe ndinapatsa a Fomu 3 sabata yatha: 8² × 4³ ÷ 2¹⁰. Musathamangire kakyuleta. Dzifunseni kuti 8 ndi 4 anabadwa kwa yani. Onse ndi ana a 2, pakuti 8 ndi 2³ pamene 4 ndi 2². Lembaninso: (2³)² × (2²)³ ÷ 2¹⁰, zomwe ndi 2⁶ × 2⁶ ÷ 2¹⁰. Kuphatikiza kukupatsa 12, kuchotsera 10 kutsala 2. Yankho ndi 2², kutanthauza 4.

Chonde ana anga, pakati pakakhala chizindikiro chophatikiza musakhudze ma index: 2³ + 2⁴ ndi 8 + 16, yankho 24, osati 128.

Choti muloweze ndi mabanja atatu awa basi: 2, 4, 8, 16, 32, 64, kenako 3, 9, 27, 81, ndi 5, 25, 125. Alembeni kuchikuto cha kope lanu, muziwanena pamtima mukamapita kumjigo.