Gumbagumba ya pabalaza: muyambire pati ndalama zikakhala zochepa

Mwezi ukatha, m'mashopu a zamagetsi ku Limbe mumamveka funso limodzi: "Ili ndi mawatsi angati?" Wogulitsa amaloza katoni yolembedwa 5000W PMPO (nambala yokokomeza mphamvu ya makinawo), wogula n'kupisa m'thumba. Kufika nayo kunyumba ku Chilomoni, besi ikungonjenjemeretsa malata koma mawu a woimba osamveka. Ngati muli kale ndi gumbagumba ndipo mukufuna kuikweza pang'onopang'ono, chachikulu ndi kudziwa choyamba kugula ndi chodikira. Mitengo sinditchula, poti chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero mawa ndi wina.

Choyamba, musagule kanthu. Sunthani masipika amene muli nawowo. Ambiri timawapanikiza m'makona kapena kuwabisa m'kabati ya TV, n'chifukwa chake besi imachita phokoso ngati mgolo. Atalikitseni ndi khoma masentimita 30 mpaka 50, twita (kasipika kakang'ono kotulutsa mawu opyapyala) ikhale molingana ndi makutu anu mukakhala pampando. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pomwe mumakhala. Onaninso mawaya kumbuyo: wofiira apite pofiira, wakuda pakuda. Mukasemphanitsa mbali imodzi besi imathawa. Nyumba zathu zambiri ndi za simenti pansi, makoma osalala, ndiye mawu amabwerera. Kapeti kapena mkeka pakati pa balaza ndi makatani okhuthala zimathandiza kuposa momwe mungaganizire.

Chachiwiri, ndalama yoyamba ipite ku chitetezo cha magetsi. Onse a mu Blantyre tikudziwa kuti choopsa si kuthima kwa magetsi, koma mphamvu yomwe amabwera nayo poyakanso. Kachipangizo konga kaja timaika pa firiji, kamene kamayamba kadikira magetsi akhazikike, n'kotchipa kuyerekeza ndi ampu (ampulifaya, makina okuzira mawu) yopsa. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi ku soketi basi.

Chachitatu, onani komwe nyimbo zikuchokera. Fulashi yodzaza nyimbo za MP3 za 128 kbps (nambalayi ikachepa, ubwino wa mawu umachepanso), zokopera pa benchi ya mumsika, sizingamveke bwino ngakhale pa makina odula motani. Funani za 320 kbps. Ampu yakale yopanda Bluetooth musaitaye, kachipangizo kolandirira Bluetooth kolowetsa pa AUX kamakwanira.

Chachinayi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani, masipika. Ine ndimati theka la ndalama zonse zomwe mwakonza lipite kuno, chifukwa ndi masipika amene amasintha kwambiri zomwe khutu likumva. Awiri abwino amaposa asanu ang'onoang'ono a home theatre yotchipa. A kaunjika a Sony, Pioneer, Kenwood kapena Technics amapezeka kwa amisiri okonza mawailesi ku Ndirande ndi ku Limbe, ndipo ena ndi olimba zedi, koma musagule ndi maso okha. Chotsani kansalu ka kutsogolo muone mphira wozungulira wufa (sipika yaikulu yotulutsa besi) ngati sanang'ambike kapena kufumbutuka. Kankhani wufayo pang'ono ndi zala mofanana mbali zonse. Ikamakhula mkati, koyilo inapsa, isiyeni. Ikani khutu pa twita mumve ngati ikulira. Tengani nyimbo yanu yomwe mumaidziwa bwino, makamaka ya kwaya kapena ya gitala wosalumikiza ku magetsi, muimvere motsitsa. Wogulitsa adzafuna kukweza voliyumu mpaka msewu wonse utembenuke. Mukaneni mwaulemu, chifukwa phokoso limabisa zilema.

Chachisanu ndiye ampu, ngati ilidi yofunika kusintha. Nambala ya PMPO ndi yokopera ogula. Yoona ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene ampu ingatulutse mosalekeza. Pabalaza wamba, mawatsi 30 mpaka 50 RMS mbali iliyonse ndi okwanira kudandaulitsa aneba. Dziwaninso kuti kuwirikiza mawatsi kawiri kumangowonjezera 3 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu), kusiyana kochepa ndithu. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mawatsi ochuluka pafupifupi kakhumi. Werengani kumbuyo kwa ampu ndi kwa sipika ma ohm (muyeso wa momwe sipika imalemetsera ampu) agwirizane. Masipika awiri a 8 ohm mukawamangirira pamalo amodzi amasanduka 4 ohm, ndipo ampu yosapangidwira zimenezo imatentha n'kuzima. Ampu yaing'ono yokakamizidwa mpaka mawu kusweka ndi imene imaotcha matwita.

Chenjezo lina pa katundu wa kaunjika: magetsi athu ndi 230V. Zochokera ku Japan zambiri ndi za 100V, za ku America 120V. Werengani chizindikiro musanalowetse pa soketi, apo ayi mudzangomva fungo.

Sabuufa (sipika yapadera ya besi yakuya) idikire mpaka zonsezi zitatheka, ndipo ngati mukukhala nyumba ya lendi yogundana khoma ndi anzanu, mwina isabwere n'komwe. Mawaya odula okhala ndi mitu yagolide ndiye akhale kumapeto kwenikweni. Waya wa kopa wokhuthala 1.5 mm², wopezeka mu hadiweya iliyonse, amakwanira pa mamita ochepa a pabalaza. Ingoonetsetsani kuti nsonga zake zapotedwa bwino ndipo palibe kachingwe kakugunda kanzake.