Momwe mungachitire manambala ena akasowa m'database

Tinene kuti mwalemba mu Excel kulemera kwa ana 200 a ku sikelo, koma mabokosi 30 alibe kanthu. Ambiri amathamangira kulembamo 0. Chonde musatero. Palibe mwana wolemera makilogalamu 0, ndipo AVERAGE, fomula ya Excel yopezera avereji, imadumpha bokosi lopanda kanthu koma 0 imamuwerengera, ndiye avereji imatsika, ana n'kuoneka ngati onyentchera.

Yambani ndi kusunga kope la fayilo yoyambirira, osaikhudzanso. Kenako werengani mipata ndi fomula ya COUNTBLANK. Samalani ndi manambala obisala: m'kafukufuku wa DHS, woona za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wawo, 98 kawirikawiri amatanthauza "sindikudziwa", pomwe 99 ndi yankho losowa. Stata, pulogalamu yosanthulira manambala, imaika kadontho pamalo posowa, ndipo imakaona kadonthoko ngati nambala yaikulu kuposa zonse, choncho mukafunsa ana opitirira makilogalamu 10, osayezedwa aja amalowa nawo.

Mukatero, bwererani ku kaundula wa pepala. Nthawi zambiri nambala ilipo, wolowetsa ndiye anaidumpha.

Zikasowabe, funsani chifukwa chake, pakuti apa ndi pagona nkhani. M'chaka cha 1976, Donald Rubin, katswiri wa masamu a kafukufuku, anasonyeza kuti kasowedwe kamasiyana. Ngati tsamba la kaundula linangonyowa ndi mvula, ana osowawo sasiyana ndi anzawo. Ngati osowawo ndi a mudzi wa kutsidya kwa mtsinje wosaoloka nthawi ya dzinja, mudziwo mukuudziwa, ndipo ungakuthandizeni kuyerekeza. Choopsa ndi pamene mayi sanabwere naye mwana chifukwa wadwalika ndipo waonda: ofunika kuwaona kwambiri ndi omwe kulibe, ndipo lipoti lidzanama kuti kudera kuli bwino.

Tsopano sankhani chochita. Mipata ikakhala yochepa komanso yangozi, chotsani mizereyo powerengera. Kudzaza paliponse ndi avereji ine sindikulimbikitsa, chifukwa kumachititsa ana kuoneka ofanana kuposa mmene alili. Njira yabwino ndi multiple imputation, yomwe imadzaza mipata kangapo potengera msinkhu, mudzi ndi zina, kenako n'kuphatikiza zotsatira. Mu pulogalamu ina yotchedwa R gwiritsani ntchito chida cha mice, mu Stata lamulo la mi impute. Koma za ana odwala aja, kompyuta siingakupulumutseni. Pemphani azaumoyo a m'mudzi akawayeze.

Nambala iliyonse yoyerekeza muiike chizindikiro m'danga lakelake, ndipo m'lipoti lembani poyera kuti mwa ana 200, oyezedwadi anali 170.