Ndinasiya kulimbana ndi kapinga

Kapinga wa pakhomo panga ku Area 25 anandikwana. Dzinja, Loweruka lililonse chikwakwa m'manja. Ikafika Okutobala, kuthirira mpaka bilu ya madzi kukwera ngati ndili ndi dimba, iye n'kumauma ndithu.

Chaka chatha ndinamuzula, kungosiya kachigawo pansi pa mtengo wa mango pomwe ana amasewera. Panjira yolowera ndinayala matumba akale a simenti, pamwamba n'kuthira miyala ya kwale. Udzu ukungotulukira m'mbalimbali, wozula ndi zala.

Kumtunda komwe madzi ankakokolola dothi ndinabzala mzere wa vetiva. Ameneyu ndiye mnzanga: mizu yake imazama kwambiri, atagwira sindinamuthirirenso, ndimangomumweta kawiri pachaka. Masambawo ndimaphimbira maluwa, koma osawagunditsa kukhoma, kuopa chiswe.