Momwe Mungafufuzire Chifukwa Chimene Katundu Yemweyo Amadulira M'dziko Lina Kuposa Loyandikana Nalo

Munthu akapeza kuti foni kapena nsapato zomwe wagula kwawo zikugulitsidwa motchipa kutsidya kwa malire, amafulumira kunena kuti amalonda amubera. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma musanaweruze, ndi bwino kuusenda mtengowo pang'onopang'ono mpaka muone chimene chatsala.

Yambani ndi kutsimikiza kuti katunduyo ndi yemweyodi, poyang'ana nambala ya mtundu wake ndi kulemera kwake, chifukwa mapaketi ofanana maonekedwe amatha kusiyana kukula. Kenako sinthani mitengo iwiriyo kuti ikhale m'ndalama imodzi, potsata mtengo umene banki ingakusinthireni lero. Kumbukirani kuti wamalonda anaoda katunduyo kale, ndipo ndalama ya dziko lake ikakwera mphamvu sathamangira kutsitsa mitengo, pomwe ikagwa amakweza msanga.

Mukatero, chotsani msonkho. Ku United States mtengo wolembedwa pa shelefu nthawi zambiri sukhala ndi msonkho, umene umawonjezedwa polipira, pomwe ku Ulaya msonkho wa VAT umakhala kale m'kati mwa mtengo. Ku Denmark VAT ndi 25 peresenti, ku Germany ndi 19 peresenti, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera pa risiti. Fufuzaninso msonkho wa kasitomu umene katunduyo amalipitsidwa polowa m'dziko.

Ambiri amalekera pamenepa, ndipo m'pamene amalakwitsa. Ku Switzerland VAT ndi 8.1 peresenti yokha, komabe anthu a kumeneko amawoloka malire kukagula zinthu mu mzinda wa Konstanz ku Germany, kumene zinthu zambiri n'zotchipa ngakhale VAT ya kumeneko ndi yokwera. Chifukwa chake n'chakuti mu mtengo wa pa shelefu muli malipiro a wogulitsa, a woyendetsa galimoto ndi a mlonda, komanso lendi ya sitolo ndi ya nyumba yosungiramo katundu, ndipo zimenezi sizichokera kunja limodzi ndi katunduyo. Dziko lopanda doko limalipiranso ulendo wa pamtunda, pomwe dziko la anthu ochepa limaoda pang'ono, motero silipatsidwa mtengo wapikulitsa wabwino ngati wa dziko loyandikana nalo lalikulu. Malamulo nawonso amadya ndalama: ku Canada katundu wambiri wa m'mapaketi amayenera kulembedwa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, kutanthauza kuti kampani imasindikiza mapaketi apadera a msika umenewo.

Ngati mwachotsa zonsezi koma kusiyana kukadali kwakukulu, chotsalacho ndi mtengo umene kampani yaika dala, itaona kuti anthu a m'dzikomo angathe kulipira ndipo alibe kwina kothawira. Kuti mudziwe ngati zili choncho, werengani makampani amene amaloledwa kuitanitsa katunduyo. Akakhala mmodzi yekha, palibe mpikisano woti ungamukakamize kutsitsa. Yesaninso kugula pa intaneti m'sitolo ya dziko linalo, muone ngati akukubwezani ku tsamba la kwanu. Mchitidwe umenewu unafala kwambiri moti bungwe la European Union linauletsa pakati pa maiko ake m'chaka cha 2018.

Mukaganiza zokagula nokha kutsidyako, werengerani ndalama ya ulendo ndi msonkho umene mungalipire pobwerera, ndipo mufunse ngati kampaniyo idzavomere kukukonzerani katunduyo kwanu akadzawonongeka.